Mmene Ndinaondetsera Nyenyezi za Nelia

Ndiyambe ndadziikira kumbuyo, anzanga, poti ndikudziwa kuti tikafika pakati pa nkhaniyi mundiseka mpaka nthiti kuwawa: ine cholinga changa chinali chabwino. Ndinkangofuna kuti mwana wanga alandire mapepala osalala, basi. Kodi kukonda zaudongo ndi mlandu?

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinagwira ntchito mu ofesi yosunga makalata pa mgodi wina mu Kitwe, kutayipa ndi kuika mapepala m'mafayilo. Pepala lopindika linkandipweteketsa mutu, ndipo mesenjala akandibweretsera kalata yokwinyika ndinkamubweza nayo pomwepo. Ndiye itafika nyengo ija yogulitsa migodi, anatipuruna. Mawu ake anali amenewo, kupuruna, ngati ndife mitengo ya m'mbali mwa msewu. Ndinabwerera kunyumba ku Kamitondo ndi taipi yakale yomwe mu ofesi anali ataitaya kale, pamodzi ndi udongo wanga uja wosowa pougwiritsa ntchito. Munthu wozolowera kuwongola zinthu mukamukhazika pakhomo tsiku lonse, chenjerani naye.

Chiyembekezo cha nyumba yonse chinali pa Nelia, mwana wathu woyamba, yemwe anali m'chaka chomaliza ku yunivesite ku Lusaka. Anzanga ana awo anasankha unamwino, ena zamalamulo, wanga anasankha nyenyezi. Ndipotu osati zowala zija mumaziona ndi maso, ayi, koma zokalamba, zomwe moto wake unatha kalekale ndipo zikungozirala pang'onopang'ono ngati khala lotsala m'mbaula. Ankati iliyonse kukula kwake n'kofanana ndi dziko lathu lino, koma kulemera kwake kumapitirira theka la dzuwa. Ntchito yake yomalizira sukulu inali yopeza kulemera kwa zingapo mwa izo. Nditamufunsa kuti sikelo yake ili kuti, anandikhazika pansi.

"Adadi, mukumbuka akamathira silagi ku phiri lakuda kuja?" anatero. "Kukakhala kulibe senta, moto wake muuona bwino. Manje senta ikachuluka, muuona monga wazima, koma ukali kupya."

Senta, kwa inu osakhala kuno, ndi utsi wotsamwitsa uja wochokera kosungunulira miyala ya kopa, ndipo silagi ndi zotsalira zamoto za miyalayo zomwe amakataya.

"Nyenyezi nayo ili na mpweya wake pamwamba, uchinga kuwala kwina. Ukapanda kudziwa kuti uchinga bwanji, ulakwitsa kutentha kwake. Ukalakwitsa kutentha, ulakwitsa ukulu. Ukalakwitsa ukulu, ulakwitsa kulemera. Ndipo izi n'zamakani, adadi, yaing'ono ndiye yolema, yaikulu ndiye yopepuka."

Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse. Chomwe ndinamvetsa bwinobwino n'chakuti mphunzitsi wake anali atamuuza kuti akatumiza zotsatira zomveka pofika Lachisanu la sabata yachiwiri, apereka dzina lake kumalo kwina kunja kwa dziko komwe akanapitiriza maphunziro mwaulere. Ine wopurunidwa ndikanamupititsa patsogolo ndi chiyani? Mwayi unali umenewo, wina panalibe.

Tsono manambala osonyeza mmene mpweya uja umatchingira kuwala anali ndi katswiri wina wa kutsidya kwa nyanja, mnzawo wa aphunzitsi ake. Nelia anali kwathu pa holide, ndiye anagwirizana zoti awatumize pa fakisi ya ku ofesi ya alamu anga a Mwanza, omwe ankagwira ntchito pa kampani ina ku Ndola. Nelia masiku amenewo ankatandala pa kompyuta ya Mayi Daka, a kutchalitchi kwathu, aphunzitsi pa koleji ina m'tauni, omwe ankamubwereka makinawo masana. Ndinadzipereka ndekha, palibe anandituma. Ndinati, "Iwe khala pa kompyuta, mapepala ni ntchito yanga."

Lachiwiri ndinakwera minibasi wa ku Ndola, ndipo alamu anandipatsa mapepala anayi. Mukuwakumbukira mapepala a fakisi aja? Opyapyala, oterera, ochokera pa mpukutu. Pepala ukaliyala patebulo limadzikulunganso lokha ngati bongololo. Loyamba linali kalata yachingerezi, yomwe sindinaiwerenge poti sinali yanga, atatu enawo manambala okhaokha mizeremizere. Njira yonse yobwerera ndinkawawongola pa bondo, iwo n'kumabwerera. Pofika pa Kamitondo ndinali nditakwiya nawo ngati ndi anthu.

Kunyumba kunalibe munthu. Amake Nelia, mkazi wanga, anali kumsika kogulitsa tomato, Nelia ku kompyuta. Ndinawapsinja ndi Baibulo, osatheka. Ndinawonjezera buku la nyimbo, osatheka. Ndiye maso anga anagwera pa simbi ya makala ili pakona. Safunsa anadya phula, akuluakulu ananena kale, koma ndikanafunsa yani, ine katswiri wa mapepala wa zaka makumi awiri ndi ziwiri? Ndinakoleza makala, n'kusanjikiza mapepala onse anayi, kalata pamwamba, n'kuyalapo mpango woyera monga ndimachitira ndi thalauzi la kutchalitchi. Ndinadutsitsa simbi kamodzi, kawiri, ndikuimba mluzu, kachitatu n'kutsindika kuti zimveke.

Nditachotsa mpango uja, mayo ine! Pepala linali losalala ndithu, limenelo musanditsutse, koma lakuda bii. Osati kupserera ayi, kungoda basi, mawu onse atamira mumdima. Ndani anandiuzapo kuti makina a fakisi salemba ndi inki koma ndi kutentha? Ndiye kuti ine ndi simbi yanga ndinali nditalemba pepala lonse nthawi imodzi. Atatu a pansi aja anali otuwa ngati phulusa, manambala akuoneka mwa apo ndi apo.

Munthu wanzeru akanaimira pomwepo. Ine ndinaganiza kuti ndi mwaye wa makala, ndipo mwaye umachoka. Pakona imodzi ya kalata ija panali patatsala poyera, pomwe panali nambala ya fakisi ya katswiri uja. Ndinati ndiyambire pamenepo kupukuta m'mbali mwake, n'kutenga botolo la sipiriti ndi thonje. Kungokhudza chabe, pakona paja naponso panada bii, nambala n'kupita. Ndinakhala pansi, simbi ikufuka pambali panga, thukuta lili kamukamu, ndikuyang'ana tsogolo la mwana wanga lili ngati pansi pa poto.

Apa m'pamene ndinapanga chinthu chomwe chimandichititsa manyazi mpaka lero. M'malo modikira Nelia n'kumuuza zoona, ndinatulutsa taipi yanga. Ndinakhala pa zenera, n'kumakweza pepala lotuwa lija ku dzuwa, nambala ikaoneka ndatayipa, ikaoneka ndatayipa. Ndinagwira ntchito ya moyo wanga wonse masana amenewo, mizere yowongoka, mipata yofanana. Koma kutsogolo kwa manambala ambiri ndinkaona timizere tating'ono togona chonchi, tina tooneka tina tosaoneka bwino. Ndinati izi ndi zokanda za mawaya a telefoni, pepala lachokera kutali. Kumgodi kuja, lipoti la kopa wopezeka m'miyala linalibe nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo. Kopa amakhalamo kapena sakhalamo. Ndiye timizere tonse ndinatisiya, ndipo ndinadziyamikira kuti ndayeretsa ntchito ya mzungu. Mapepala akuda aja ndinawabisa pansi pa sutikesi.

Nelia atabwera ndinamupatsa mapepala atatu oyera mbee.

"Ah, adadi, mwatayipa? Nanga ya fakisi ili kuti?"

"Inali yosaoneka bwino, mwanawe. Ungaononge maso."

"Panalibe kalata?"

"Moni chabe," ndinatero, osaphethira.

Anandikumbatira, abale. Anati ndine dadi wabwino mu Kopabeliti yonse. Madzulo amenewo ndinadzitonthoza kuti manambala ndi omwewo, palibe chatayika.

Masiku atatu anatha akulowetsa manambala mu kompyuta. Lachisanu anabwera nkhope ili yakugwa.

"Nyenyezi zanga zaonda," anatero.

Amake anaseka. "Nazo anazipuruna?"

Koma mwana sanaseke. Anafotokoza kuti nyenyezi zoterezi zambiri zimalemera cha m'ma ziro poyinti sikisi poyerekeza ndi dzuwa, koma zake zinkatuluka zopepuka kwambiri moti zina kompyuta inkangokana kupereka yankho. Manambala ankasonyeza kuti mpweya wake ukutchinga pafupifupi kuwala konse, ndiye kuti iwale mmene imaonekera, nyenyeziyo inkayenera kukhala chimphona, ndipo chimphona pa mtundu umenewu ndiye chopepuka. Ine ndinatsokomola n'kunena kuti mwina kompyuta ya Mayi Daka yatopa.

Loweruka anabwereza masamu ake onse kuyambira pachiyambi. Lamulungu kutchalitchi sanaimbe. Lolemba anabwerezanso, ndipo pakudya ankangotembenuza supuni. Sanandikayikire ngakhale kamodzi, ankangodzikayikira yekha. Paja amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, koma kwathu zinali zitatembenuka, wodya ndine, wopotedwa mwana.

Lachiwiri ndinanamiza anthu kuti ndikukaona mnzanga wodwala, n'kukweranso minibasi wa ku Ndola. Maganizo anga anali akuti mwina makina aja amasunga zomwe alandira, alamu angodina batani atulutsenso, nkhani ithe mwakachetechete. Ndinapeza geti la kampani lili ndi loko wamkulu, alamu ndi anzawo atakhala pa njerwa panja. Kampani inali itatsekedwa Lachisanu lapitalo.

"Alamu, nanga fakisi ija?"

"Fakisi? Awe mukwai, inapita na matebulo na mipando. Anagula munthu wa ku Masala."

Mukuganiza kuti ndinabwerera? Ndinapita ku Masala, ine bambo wa tayi, kuzungulira msika wonse kufunsa amene wagula fakisi. Ndinamupeza, mnyamata wamkulu ndithu wogulitsa mawailesi akale, makina aja atawamasula kale zidutswazidutswa pa thumba la saka. Nditamufunsa ngati mkatimo munali manambala a nyenyezi, anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, n'kuuza mnzake m'Chibemba kuti kuchotsedwa ntchito kukupengetsa madala ambiri chaka chino.

Ndinafika kunyumba cha m'ma folo koloko. Ndili pakhonde ndinamva Nelia akulankhula ndi amake mkati.

"Amama, nilembera chabe aphunzitsi kuti nakangiwa. Mutu wanga siukwana. Apatse wina malo aja. Ine nizapempha ntchito mu shopu ya nsalu ku tauni, at least nizakuthandizani."

Apo ndiye mtima unandipweteka zenizeni. Mwana amene ankawerenga ndi kandulo magetsi akazima, amene sanalepherepo mayeso chibadwire, akudzitcha wopanda mutu chifukwa cha simbi yanga! Manyazi ndinali nawo, koma ndinaona kuti ndi bwino andinyoze ine kusiyana n'kuti adzinyoze yekha moyo wake wonse. Ndinalowa osapereka moni, n'kulunjika kuchipinda, kukoka sutikesi, n'kubwera ndi mapepala anayi aja. Ndinawayala patebulo, lakuda lija pamwamba.

"Ichi n'chani?" anafunsa amake.

"Ndiye fakisi," ndinatero. "Ninaichisa."

Amake anandiyang'anitsitsa.

"Munaichita chani?"

"Ninaichisa. Na nsimbi. Inali yopindika."

Amake Nelia anagwira m'chiuno. "Atate ake Nelia, zaka zonse izi simunachisepo diresi yanga ngakhale imodzi, lero mwayambira pa nyenyezi?"

Nelia anatenga pepala limodzi lotuwa n'kupita nalo pa zenera, monga ndinachitira ine, lina lotayipa lija lili kudzanja linalo. Anayang'ana uku, n'kuyang'ana uku, nthawi yaitali ndithu. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Adadi, ma mainasi munaasiya kuti?"

"Ma chani?"

"Tumizere utu."

"Si dothi ya mawaya?"

Anakhala pansi pa simenti n'kuphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka. Ine ndinati basi, mwana wanga wandida. Atachotsa manja ndinaona kuti akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anandifotokozera kuti manambala aja analembedwa mwachidule, moti thuu wokhala ndi kamzere amatanthauza kagawo kamodzi pa zana, koma thuu wopanda kamzere amatanthauza zana lathunthu. Ndiye ine pochotsa timizere tija ndinali nditasandutsa kautsi ka ndudu kukhala khoma la njerwa.

Ndinamufunsa kuti, nanga iwe ndi sukulu yako yonseyi, sunadabwe kuona manambala opanda timizere?

"Ninadabwa, adadi. Ninadabwa tsiku loyamba. Koma ninati mwina ndiye mmene alembera uko. Ninati olakwa ningakhale ine, kapena kompyuta, kapena mzungu, koma adadi salakwitsa potayipa."

Anzanga, ndakalipiridwapo ndi mabwana a mitundu yonse, koma palibe mawu anandilasa ngati amenewo. Ndinangoti, "Pepa, mwana wanga."

Dzuwa linali likadalipo, ndiye sitinataye nthawi. Iye anaima pa zenera ndi mapepala otuwa aja, maso ake akuthwa, ine patebulo ndi pensulo. Ankati "mainasi," ine ndajambula kamzere, "palibe," ndadumpha, "mainasi," ndajambula. Pomwe pankakayikitsa ankayang'ana nambala ya pamwamba ndi ya pansi n'kudziwa yekha. Amake ankangodutsadutsa akuguguda, koma ndinawaona akupukuta galasi la zenera kunja kuti kuwala kulowe bwino. Tinamaliza Lachitatu m'mawa, ndipo Nelia ananditsimikizira kuti pa manambala onse aja panalibe ngakhale imodzi yomwe ndinaphonya. Ndinayamba kudzikoka kolala, amake n'kundiyang'ana diso limodzi, ndinaleka.

Lachinayi ndinamuperekeza ku koleji. Sindikanatha kukhala pakhomo. Ndinakhala pambali pake mu ofesi ya Mayi Daka, chipewa chili pa bondo, iye akulowetsa timizere tonse kamodzikamodzi. Atadina batani lomaliza, kompyuta inayamba kung'ung'udza, ine ndikupemphera chamumtima pemphero lomwe sindikhulupirira kuti kumwamba analimvapo chiyambire, loti Ambuye nenepetsani nyenyezi. Kenako panatuluka nambala.

"Ziro poyinti faifi naini," anawerenga Nelia. Yachiwiri, ziro poyinti sikisi thuu.

Ndinadumpha pampando, chipewa uko, manja m'mwamba, n'kukuwa ndi mawu onse, "Zatheka! Kunenepa kwake! Mulungu ni wabwino, taonani kunenepa!"

Nthawi yomweyo chitseko chinali chitatseguka, ndipo pakhomo panaima Mayi Daka eni ofesi, mayi wathupi lawo ndithu, atanyamula mabuku, kumbuyo kwawo kuli aphunzitsi ena awiri. Manja anga anali akadali m'mwamba, ataloza komweko. Anandiyang'ana, n'kudziyang'ana okha, kenako anati mwaulemu wonse, "Zikomo, a Sakala. Masiku ano ovuta, ni chisomo chabe."

Ndinayesa kufotokoza kuti ndimanena nyenyezi, koma zinangoipiraipira, poti mmodzi wa aphunzitsi aja anati sanamvepo mwamuna wokwatira akutcha mkazi wa mwini nyenyezi masana dzuwa likuswa mtengo. Nelia anali atagwada pansi pa tebulo ndi kuseka. Ine ndinatola chipewa changa n'kukadikira panja, koma kunena zoona, ngakhale akanandiseka tauni yonse ya Kitwe tsiku limenelo, mtima wanga unali utakhala pansi.

Zotsatira zinapita Lachisanu m'mawa, nthawi isanathe. Mphunzitsi wake anakondwa nazo, dzina linaperekedwa, ndipo chaka chotsatira tinamuperekeza mwana wathu kokwerera basi ndi sutikesi yomwe ija. Mpaka pano akadali ndi nyenyezi zake zozirala, ndipo akuti mpweya wake ukuvutitsabe akatswiri, zina zimatulukabe zopepuka kuposa mmene ziyenera kukhalira. Akandiuza zimenezo pa foni ndimafulumira kunena kuti ulendo uno si ine.

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira, ndipo lumbiro langa ndikulisungabe. Pepala la munthu likapindika, lipindike. Likakwinyika, likwinyike. Ngakhale litakhala ndi chitosi cha ntchentche kutsogolo kwa nambala, ine ndimachikopera momwemo, mwina ndi sayansi.